Telala Amene Ankadikira Gemu

Panali munthu wina, telala, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ku Luchenza. Sanali wolankhulalankhula. Mayi ankatha kumubweretsera nsalu n'kumufotokozera za ukwati wonse, kuyambira ankhoswe mpaka ophika, iye n'kungoyankha kuti, "Lachisanu." Ndipo Lachisanu likafika diresi linkakhala litatha.

Telalayu anali ndi mng'ono wake wa kabaza, woyendetsa njinga yamoto. Ameneyo ndiye anatenga pakamwa pa onse awiri. Ankaswera pasiteji, ndipo nkhani iliyonse yodutsa mumsewu inkayamba yakwera njinga yake isanafike kwa eni ake. Koma ndisamunamizire munthu, mtima wake unali wabwino. Mkulu wake ankamukonda kwambiri.

Abale awiriwa anali ndi chinthu chimodzi chowakhazika pamodzi. Inu achinyamata mumayesa kuti magemu a pa kanema anayamba ndi inu, koma alipo a ndevu zawo amene anawagwira musanabadwe. Lamulungu lililonse akaweruka ku tchalitchi, magetsi akawakomera mtima, awiriwa ankakhala pampando umodzi kunyumba kwa telala n'kumasewera gemu ina ya ulendo. Inali ya munthu wosochera m'mapanga ndi m'mabwinja, wofunafuna njira yobwerera kwawo. Padi, kachipangizo ka mabatani kaja kogwira m'manja, anali nayo imodzi yokha, ndiye ankalandirana.

Wa kabaza akaigwira ankamuthamangitsa munthu wa mu gemuyo ngati wanyamula kasitomala wochedwa ku maliro, ndipo ankagwera m'dzenje lililonse limene linalipo. Telala ankayenda pang'onopang'ono, kuyang'ana khoma lililonse monga ankayang'anira msoko.

"Achimwene, tikafika tili ndi imvitu," mng'ono wake ankatero.

Koma malo onse ovuta ankawadutsa ndi telalayo.

Anaimaliza gemu ija, n'kuibwereza, n'kuibwerezanso. Kenako kunamveka kuti amene anaipanga akukonza gawo lachiwiri, ndipo lidzatuluka chaka chotsatira. Abambo awiri akuluakulu anasangalala ngati ana oti alonjezedwa nsapato za Khirisimasi.

Chaka chomwecho telala anagwa pa makina ake dzuwa lili paliwombo. Inali sitiroko. Moyo unapulumuka, mwendo unabwerera pang'ono ndi pang'ono, koma dzanja lamanja linangoti lende. Limeneli ndi dzanja limene linkagwira sizasi, dzanja limene linkadyetsa banja lake.

Ku chipatala anamuuza zoona zokhazokha. Anati dzanjalo likhoza kudzuka, koma silingadzuke lokha. Likufunika mafizo tsiku ndi tsiku, ndipo akalilekerera zala zidzapindika n'kuuma. Anamupatsa ntchito yooneka ngati ya mwana. Azikhala ndi mbale ziwiri, ina ya nyemba zosaphika, ina yopanda kanthu, ndipo azitola nyemba imodziimodzi ndi zala zodwalazo n'kumaika m'mbale inayo.

Taganizani, bambo woti ankalowetsa ulusi pa singano osayang'ana, lero akulimbana ndi nyemba. Masiku oyamba inkamupulumuka n'kugubudukira pansi pa mpando. Anthu obwera kudzamuona ankamulimbikitsa kuti aziganizira makina ake osokera amene ankamudikira pakhonde paja. Koma makina anali kutali kwambiri ndi pamene iye anali, moti akawaganizira mtima unkangolefuka. Chimene chinkamugwiritsa ntchito chinali chaching'ono. Anatenga padi ija n'kuiika patebulo, pambali pa mbale ziwirizo.

"Gawo lachiwiri likamatuluka, ndidzakhala nditaigwira iyi," anamuuza mng'ono wake. "Ndikaigwira iyi, sizasi sidzandikanika."

Kwa munthu ngati iye, amenewa anali mawu ambiri. Ndipo dzanja linayamba kumva. Chala chachikulu chinayamba kugwedera, cha mkombaphala chinatsatira. Inafika nthawi yoti mbale yonse ya nyemba ankaisamutsa, n'kuibwezanso, thukuta lili kamukamu, koma nkhope ili yowala.

Nthawi yotuluka gemu ija itayandikira, kunabuka mphekesera. Zinayambira m'magulu a pa foni, n'kufika pasiteji ya kabaza. Mawu oyamba anali oti gawo lachiwiri n'lovuta, basi. Koma nkhani ikamayenda imanenepa. Pofika Lachitatu, akuti amene analiyesako anaphwanya mapadi ndi mkwiyo. Pofika Loweruka, akuti likufuna zala zothamanga ngati za woimba gitala, ukangochedwa pang'ono wafa, uyambirenso poyamba. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene analiona ndi maso ake. Aliyense anamva kwa mnzake amene anamva kwa msuweni wa munthu wina wa ku Joni. A Akuti amenewa ndi munthu wamkulu m'dziko muno. Kwawo sitikudziwa, nkhope yawo sitinaione, koma akalankhula tonse timamvera.

Wa kabaza nkhaniyi inamusowetsa mtendere. M'mawa wina anali atamupeza mkulu wake akulimbana ndi batani la malaya, likumukanika, misozi ili m'maso. Chithunzi chimenecho sichinamuchoke. Anayamba kuganiza kuti, gemu ija ikabwera achimwene adzaigwira ndi chiyembekezo chonse, adzagwa pa dzenje loyamba, adzagwanso, ndipo mtima wawo udzasweka ine ndikuona. Bola ndiwachenjezeretu.

Tsiku lina masana anaimika njinga pabwalo n'kulowa. Anamupeza telala ali pa nyemba zake.

"Achimwene, gemu ija musaiikire mtima kwambiri," anatero. "Akuti ndi yovuta zedi. Ikufuna zala zothamanga. Ngakhale a manja awiri abwinobwino ikuwakanika. Ikabwera ndizidzagwira ndine, inu muzidzangondiuza njira."

Telala anasiya nyemba imene inali pakati pa zala zake.

"Waiona iweyo?"

"Ayi, koma aliyense akunena zomwezo."

Telala anangoti, "Chabwino."

Mng'ono uja anatenga padi patebulo paja n'kuiika pamwamba pa kabati, ati kuti isalowe fumbi. Anatuluka mtima uli m'malo, akudziona ngati munthu amene wapulumutsa mbale wake ku manyazi.

Mawa lake telala anauza mkazi wake kuti achotse mbale zija patebulo. Nyemba zinapita kukhitchini, ndipo anadyera ndiwo zomwezo.

Palibe amene anadzidzimuka msanga. Akamufunsa za mafizo ankati watopa, ayambiranso mawa. Mawa linkafika, ankatinso mawa. Kenako chiperoni chinatsika m'mapiri, kuzizira kwake kuja kolowa m'mafupa, ndipo dzanja linalowa m'thumba la jekete n'kukhazikika momwemo. Mng'ono wake ankabwera, kucheza, kuseka, kumubweretsera nthochi, koma dzanja la m'thumba sankaliona. Miyezi inadutsa. Zala zimene zinayamba kumva zija zinapindikira mkati mwakachetechete.

Potsiriza gemu ija inatuluka. Wa kabaza anakaipeza kwa mnzake ku Limbe n'kubwera nayo Lamulungu masana. Anatsitsa padi pa kabati, kuipukuta fumbi limene ankati akuiteteza nalo lija, n'kukhala pansi pafupi ndi mkulu wake.

Inali yovutadi. Pamenepo a Akuti sananame. Koma kuvuta kwake sikunali kwa liwiro. Munalibe chothamangitsa munthu. Munali mapanga a makomo ambirimbiri ofanana, zizindikiro zojambulidwa m'makoma zofunika kuzikumbukira, ndi malo ena oti uime phee kudikira kuti madzi aphwe njira ioneke. Wothamanga ankangozungulira malo amodzi. Ngati analipodi amene anaphwanya mapadi, anali anthu a mtima wapachala ngati wa kabaza yemweyu.

Wa kabaza anazungulira m'phanga loyamba mpaka khosi kuwawa. Telala ankangoyang'ana. Kenako analankhula.

"Bwerera. Pakhoma lija wadutsa panali chithunzi cha mbalame. Khomo lake ndi limene mlomo wake waloza."

Anabwerera, ndipo zinali choncho. Patsogolo anafika pa madzi, wa kabaza n'kufuna kudumpha.

"Ima pomwepo. Usakhudze kanthu. Dikira."

Anadikira, akuguguda phazi pansi. Madzi anaphwa, masitepe anaonekera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gemu yonseyo inali yotero. Inkafuna maso, mutu ndi kuleza mtima. Za m'manja inkangofuna chala chachikulu ndi chinzake chimodzi, nazonso mosafulumira.

Wa kabaza anadumpha ndi chimwemwe, osaganiza n'komwe.

"Achimwene, iyitu ndi yanu iyi! Anapangira inuyo! Gwirani!"

Anaika padi pamiyendo pa mkulu wake. Telala anatulutsa dzanja lamanja m'thumba mothandizidwa ndi lamanzere, n'kuliika pa padi paja. Aka kanali koyamba kuti mng'ono wake alione bwinobwino m'miyezi yonseyo. Zala zinali zitafumbata, zouma gwa. Telala anayesa kuzitambasula. Anayesanso, mano atalumana. Sizinatheke. Padi inaterereka n'kugwa pansi.

Kanyimbo ka mu gemu kankangolira.

"Kuvuta ankanena kuja n'komweku?" anafunsa telala.

"N'komweku, achimwene."

Telala anayang'ana pa kanema paja, pamene munthu wa mu gemu anali chiimire pamasitepe kudikira woti amuyendetse.

"Ndikanaitha," anatero.

Sanakalipe. Sanamuloze chala mng'ono wake. Akanakalipa mwina zikanapepuka. Wa kabaza uja, munthu woti pakamwa pake sipankatsekeka, anaimirira. Anatuluka n'kukakhala pa njinga yake osailiza, ndipo analira ngati mwana.

Anabwerera naye ku chipatala. Kumeneko anawauza kuti ayambirenso, mwina pang'ono pangabwerere, koma asayembekeze zonse zimene zikanatheka poyamba paja. Mng'ono uja anagula nyemba zina, ndipo masiku ano amaimika njinga masana n'kukhala pambali pa mkulu wake, kumuwongola zala chimodzichimodzi. Gemu ija anaimaliza, wina akugwira, wina akunena njira, monga mmene wa kabaza ananenera tsiku lija. Koma palibe mwa awiriwo amene anasangalala kuti mawuwo akwaniritsidwa. Makina osokera a pakhonde paja akupalasa ndi munthu wina.

Nkhani imeneyi imandimvetsa chisoni nthawi zonse ndikaikumbukira, chifukwa mulibe munthu woipa. Muli munthu wachikondi amene ananyamula katundu wa eni ake osamumasula kuti aone za m'kati, ndi munthu wodekha amene anataya dzanja lake chifukwa cha mawu a munthu woti sanaone kanthu.

Tsono inu, kuyambira m'mawa mwakhala mukuweramira mafoni, nkhope zili zakugwa, ati gemu imene mukuidikira ija akuti idzakhala yovuta, ndipo mukufunsana ngati n'koyenera kuda nkhawa. Munkafuna ulendo, si choncho? Walira mvula walira matope. Ikadzakhala yovuta mudzaona pomwepo, ili m'manja mwanu, ndipo mwina kuvuta kwakeko kudzakhala kumene inuyo mumakutha. Mawu oti "n'chovuta" sanena kuti n'chovuta motani, kapena kwa yani. Zidzakhalanso choncho ndi sukulu imene mukufuna kukayamba, ntchito imene mukufuna kuphunzira, ngakhale banja.

Chimene ine ndimaopa ndi chimene munthu amasiya kuchita akangomva mphekesera, chinthucho chisanafike n'komwe. Ndipo ndimaopa koposa m'kamwa mwa munthu wokonda mnzake. Musanakauze m'bale wanu kuti asaikire mtima pa chinthu chimene inu eni simunachione, yambani mwayang'ana patebulo pake. Mwina pali mbale ya nyemba imene akutola chifukwa cha chinthu chomwecho.