Wojambula Atchete ndi Mwini Dimba

Panali munthu wina, abale anga, amene anakhalitsa ku Joni n'kubwerako tsitsi litayera. Dzina lake anali Che Swaleyi. Anzake pobwerera kumudzi ankabweretsa malata ndi njinga zamoto. Iye anabwera ndi kamera yakuda, ya mlomo wautali.

Akaswali swala ya m'mamawa kumzikiti sankapita kunyumba. Ankatsetsereka kudambo, n'kulowa m'mabango, n'kukhala momwemo duu mpaka dzuwa litayamba kuwawa. Anthu akamufunsa, ankati akujambula atchete, mbalame zachikasu zija zoluka zisa zolendewera.

Ankati: "Moyo wanga wonse ndautha ndikuyang'ana makoma a fakitale. Tsopano ndikufuna ndione zimene Allah analenga, maso asanachite mdima. Kambalame kopanda manja, koma kumanga mfundo ndi mlomo! Anakaphunzitsa ndani? Ndikakaona, Subhanallah imangotuluka yokha m'kamwa."

Ena ankaseka. Koma panali mmodzi amene sankaseka. Ameneyu anali Che Bwanali. Mkazi wake, Abiti Jafali, anali ndi dimba la mpiru ndi tomato m'mbali mwa mabango omwewo, ndipo ankathirira m'mawa uliwonse, chitenje atachikwinya mpaka m'mawondo chifukwa cha matope.

Che Bwanali anayamba kulumikiza zinthu mumtima. Nthawi yake ndi imodzi. Malo ake ndi amodzi. Munthuyo alibe mkazi. Nanga ndi bambo uti wandevu zake angathere m'mawa wonse pa mbalame zimene ana amangogenda?

Kuyambira pamenepo chilichonse chinasanduka umboni. Mkazi akavala mpango watsopano, ndiye kuti wavalira kamera. Akachedwa kudimba, zinali zodziwikiratu. Akafulumira kubwera, ndiye kuti wina wamuchenjeza. Che Swaleyi akamupatsa salamu mosangalala pakhomo la mzikiti, iye ankati, "Akundiseka." Akamudutsa osamuona, ankati, "Mtima ukumutsutsa."

Tsiku lina Che Swaleyi anamuitana, kamera ili m'manja. "Achimwene, tabwerani muone zimene ndapeza lero."

Che Bwanali anati ali pachangu. Mumtima anati: andionetsa zokhazo zimene wasankha.

Madzulo ena, mkazi wake akutsuka mbale, Che Bwanali anamufunsa. "Kodi kudimba kuja mumathirira mpiru, kapena mumakaimira chithunzi?"

Abiti Jafali anasiya mbale. "Mwati chiyani, bambo?"

"Mwamva."

"Munthu ameneyo ine kudambo nkhope yake sindinaionepo. Ndimangomva akutsokomola m'mabango."

"Ehe. Ndiye mumadziwa ndi katsokomoledwe kake komwe."

Mayiyo anaimirira. Anapukuta manja, n'kutenga zovala zake, n'kupita kwa amayi ake.

Kutacha, Che Bwanali anatsatira Che Swaleyi chapatali. Anamupeza atagwada m'mabango, diso lili pa kamera, milomo ikugwedera ngati munthu amene akuchita zikiri, kutchula maina a Allah. Sanapereke salamu. Anatsomphola kamera ija, n'kuiponya pakati pa dziwe lakuya lomwe linali pafupi. Madzi anangoti chubwi, n'kutseka.

Che Swaleyi anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anayang'ana dziwe, kenako anayang'ana mnzakeyo.

"Mukanayamba mwaona kaye, achimwene. Zonse zinali m'menemo."

Ananena zokhazo, n'kukwera kumtunda.

Che Bwanali anatsala yekha, akupumira m'mwamba. Pansi panali malo oponderezeka pamene munthu uja ankagwada tsiku ndi tsiku. Anati mumtima: tsopano ndidzionere ndekha mmene ankamuonera mkazi wanga. Anagwada pomwepo, n'kuyang'ana cha kudimba.

Dimba silinkaoneka. Pakati panali chulu chachikulu chomera zitsamba, ndi mabango othithikana ngati mpanda. Anaimirira. Silinaoneke. Ananyanyamphira, n'kusuzumira uku ndi uku. Ngakhale tsamba limodzi la mpiru sanalione.

Kutsogolo kwake kunali zisa zokhazokha. Tchete wina anafika ndi kaudzu kakawisi, n'kulendewera chadodolido, n'kukalowetsa, n'kukakoka, n'kukamanga. Anauluka, n'kubweranso ndi kena. Che Bwanali anabadwira pafupi ndi dambo limenelo, koma aka kanali koyamba kuona chisa chikulukidwa. Anakhala pansi pomwepo.

Koma mverani mmene Shetani amagwirira ntchito. Asanadzuke n'komwe pamalopo, mawu ena anamunong'oneza: mwina ankasunthira pena. Mwina lero wagwada pano chifukwa anakuona ukubwera.

Chimene chikanayankha funso limenelo chinali chimodzi chokha, ndipo anali atachimiza ndi dzanja lake. Anavula malaya n'kulowa m'dziwe. Anafufuza ndi mapazi, anamira n'kufwanthula matope ndi manja, mpaka misundu inamukakamira m'miyendo. Anabweranso mawa lake ndi mtengo wautali. Kamera sinapezeke.

Lachisanu, swala ya Ijumaa itatha, anapita kukapepesa pamaso pa anthu. Che Swaleyi anamugwira dzanja nati, "Ndakukhululukirani chifukwa cha Allah." Koma kamera ina analibe, ndipo m'mabango sanalowemonso.

Abiti Jafali anabwerera ankhoswe atakambirana. Ankaphika, ankachapa, ankayankha akafunsidwa. Koma kudimba anakana kwamtuwagalu. Anati sangapondenso pamalo pomwe ananyozekera. Mpiru unauma, tomato anadyedwa ndi mbuzi.

Ndipo Che Bwanali, ngakhale anapepesa, mtendere sanaupeze. Mpaka ukalamba wake funso lija linkamubwerera, nthawi zina ali pakati pa swala: nanga ngati ndinkanena zoona? Nanga ngati ndinalakwira anthu awiri osalakwa? Panalibenso womuyankha.

Tsono iwe m'bale wanga amene wakhala pamkekapo, pali munthu amene ukumuganizira zoipa lero. Ukumudziwa. Allah anakupatsa maso kuti uziona zizindikiro zake m'zolengedwa, iwe wawasandutsa alonda a zolakwa za mnzako. Tinaphunzitsidwa kuti kuganizirana zoipa ndi tchimo lomwe munthu amalichita ali chikhalire, dzanja asanatukule. Ndipo mtima wokayikira sukhuta. Umadya zoona ndi zabodza zomwe, kenako umakutuma kukawononga mboni imene ikanakumasula.

Pita ukamufunse. Akakuuza kuti bwera uone, pita ukaone. Uchite zimenezi dzanja lako lisanachite chinthu chimene kupepesa sikungabweze.