Ulusi wa pa Chipewa cha Bambo

Kunsi kwa nyumba yake yamiyendo ku Townsville, Clive Treloar anali ndi kachipinda konunkha nsalu zakale ndi dzimbiri. Munali zikwama za asilikali, malamba, mabotolo a madzi ndi tinsalu tosonyeza gulu la msilikali. Mkuluyu akangonunkhiza lamba ankakuuza chaka chake. Anthu ankachokera kutali kudzamufunsa, koma iye kufunsa munthu ankakuyesa matenda.

Masana mvula ikamagwa, ankakhala pampando n'kutsinzina. Makoma ankasungunuka, n'kumaona anyamata achisilikali pa nthawi ya nkhondo akukwera mapiri a New Guinea m'nkhungu, matope olekeza m'mawondo. Bambo ake ankakhala pakati pawo, koma nthawi zonse ankadutsa atamufulatira.

Mayi ake atamwalira, mlongo wake wamkulu, Glenys, anamutumizira chipewa cha nkhondo cha bambo awo. Chinali chinthu chokhacho cha makolo chimene chinamugwera. Glenys anaimbanso foni.

"Iwe Clive, chipewacho usachigwiregwire ndi timipeni tako. Ndibwera Loweruka. Chili ndi nkhani yake."

"Achemwali, za zipewa mungandiuze chiyani? Inu dziwani za makeke anu."

"Imvi mbuu, makani omwewo. Ndati udikire."

Clive sanafunse kuti nkhaniyo ndi yotani. Anachiika chipewa pawindo. Chinali chenicheni, chidindo cha 1942 chikuonekabe m'kati. Kansalu ka gulu la bambo ake, kaubweya ka mphepete yotuwa, kanalinso ka nthawi yake. Koma ulusi umene unakagwira unali wobiriwira, wonyezimira, msoko wake wokhotakhota ngati mapazi a nkhuku. Mtima unamuwawa. Ndi mbuli yanji inachita zimenezi? Mumtima ankati akachibwezera mmene chinalili, mwina bambo ake m'nkhungu muja adzacheuka.

Anasomola ulusi wonse ndi kampeni. Kenako anauyesa monga amachitira anzake a ntchitoyi: thonje lakale likapsa limasanduka phulusa, ulusi wamakono umasungunuka. Anauunjika m'kambale n'kuyatsa machesi. Unasungunuka, n'kutsala kambulu kakuda kouma. Anamwetulira poona kuti sanaphonye, ndipo anasokanso kansaluko ndi thonje lakale, msoko wowongoka bwino.

Loweruka Glenys anafika ndi bokosi la makeke. Anatenga chipewa, anachitembenuza, anayendetsa chala pamsoko.

"Ulusi wa amayi uli kuti?"

"Wa amayi?"

"Chimwalirire bambo, chaka chilichonse lisanafike tsiku lokumbukira asilikali, amayi ankasomola kansaluka n'kukasokanso. Ndiko kunali kucheza kwawo ndi amuna awo. Chaka chathachi maso anali atafa. Anasoka mopapasa masiku atatu, singano ikuwalasa zala. Ndinati ndiwathandize, anandikankha dzanja." Glenys anamuyang'ana Clive. "Anati, 'Ichi n'cha Clive. Mwana uja amawerenga ulusi ngati kalata. Akawerengenso yanga.'"

Clive anakoka kambale kaja. Kambulu kakuda kanali momwemo, kochepa ngati njere ya tsabola. Anakaika pachikhatho, ndipo munthu amene sanalire pamaliro analira mlongo wake akuona.

Chipewacho chilipo, ndipo alendo amachiyamikira kuti palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Kambulu kaja Clive amakasunga m'botolo pambali pake, popanda kapepala ka chaka.

Mvula ikamagwa amatsinzinabe. Anyamata aja amakwerabe phiri m'nkhungu, koma tsopano m'mbali mwa njira mumakhala mayi wokalamba, chipewa pamiyendo, singano m'manja. Clive amawaitana, koma nawonso amakhala atamufulatira.

Foni inali m'manja mwake tsiku lija, ndipo funso lake likanakhala la mawu awiri okha: "Nkhani yanji?" Akuluakulu sananame: safunsa adadya phula.