Misomali ya M'njira ya Njovu

Ku Nsefu munthu amalima ndi manja ake, koma kukolola kumadalira chifundo cha njovu. Chimanga chikangoyamba kubereka, zimphona zija zimatuluka m'tchire kudzaona ngati alimi agwira bwino ntchito, ndipo zikakhutira ndi zimene zaona sizisiya ndi phesi lomwe.

Ruben Chulu ndiye anali wapampando wa komiti ya tsabola m'mudzi mwawo. Ankaphunzitsa anzake kusakaniza tsabola wosinja ndi oyilo wakutha, kupaka pansanza ndi kumangirira pazingwe kuzungulira munda, kuti njovu ikanunkhiza ibwerere. Ntchitoyo ankaidziwa, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Tsiku lina pamsonkhano anaimiritsa mnansi wake Edwell chifukwa cha kawaya ka msampha kamene anakapeza kuseri kwa nkhokwe, n'kumunyazitsa mpaka bambo wamkulu wabanja lakeyo anasowa poyang'ana. Kuyambira pamenepo moni wa awiriwa unali wa pamwamba pa lilime.

Chaka chimene tikunenachi, njovu imodzi yamphongo inazolowera tsabola. Inalowa kawiri m'munda mwa Ruben, wapampando mwini wake, n'kudya chigawo chonse chakumunsi. Mtima ukapsa nzeru zimathawa. Ruben anazula misomali yadzimbiri pakhola lakale la mbuzi, naikhomera mumzere pathabwa, n'kukalikwirira m'matope panjira imene njovuyo inkadzera, pakati pa ndowe zake zomwe. Ankadziwa kuti lamulo limaletsa, ndipo ankadziwanso kuti iye yemwe ndi amene ankalalikira lamulolo. Sanauze munthu, ngakhale mkazi wake Cathrine.

Mvula inagwa masiku awiri n'kukokolola kamtengo kamene anazika ngati chizindikiro. M'mawa wa tsiku lachitatu anapita kukayendera munda atavala mapatapata, maso ali pachimanga. Njovu inali italambalala. Amene anaponda thabwalo ndi mwini wake, ndipo misomali itatu inaboola patapata n'kulowa m'phazi lamanzere.

Anafika kunyumba akutsimphina, atatsamira mpini wa khasu. Cathrine atangoona timabowo titatu tondondozana ngati mabatani a malaya, anadziwa zonse popanda kufunsa. Anasiya mbale zimene ankatsuka, natenga sopo ndi madzi owiritsa. Anati bala la msomali limanyenga: pakamwa pake n'pang'ono koma dothi limakakhala mkati. Anafuna alitsuke bwinobwino mpaka litayera, aphimbe ndi nsalu yochapa, kenaka akwere njinga tsiku lomwelo kukabayitsa jekeseni ya kafumbata, poti mwamuna wakeyo anali asanabayitsepo chikulire.

Ruben anabweza phazi lake.

"Amake Queen, amene amatsuka zilonda kukiliniki ndani? Si Susan, mkazi wa Edwell? Ndikamuuza kuti ndi munga? Munga subaya mumzere. Ikamakwana thwelofu mudzi wonse udzakhala utamva."

"Atate ake Queen, anthu amaseka n'kutopa. Phazi ndi lanu, si la mudzi."

Koma mwamunayo anali atatseka kale makutu. Anachita zimene ankachita ali mnyamata akaponda chisonga kudambo: anamenya phazilo ndi patapata kuti magazi oipa atuluke, anayatsa kandulo n'kudonthezera phula lotentha m'mabowo onse atatu, akukukuta mano. Anamanga kansanza, navala gambuti. Mmene ankati watseka bala, n'kuti atatsekera matope ndi ndowe mkati.

Kwa anthu ankati wabinya mwendo podumpha ngalande. Anafika ngakhale kumsonkhano wa komiti, dzuwa likuswa mtengo iye ali m'magambuti, n'kulankhula za tsabola ngati kale. Kunyumba phazi linali kutupa, likutentha, likutulutsa fungo. Cathrine ankamudandaulira m'mawa uliwonse, ndipo yankho linali limodzi, lakuti mawa kukacha aona. Mayiyo anaganizapo zopita yekha kwa Susan, koma Ruben anamuuza kuti akangotero alongedze katundu abwerere kwawo ku Jumbe. Cathrine sanapite, ndipo kusapita kumeneko kukumudya mpaka lero.

Tsiku lachisanu ndi chitatu Ruben analephera kutsegula pakamwa kuti amwe phala. Anati mwina ndi dzino. Kutacha khosi linauma, mawu akutulukira m'mipata ya mano. Tsiku lakhumi masana, mwana atangogwetsa chidebe pakhonde, thupi lonse la bamboyo linakungika, msana n'kupindika ngati uta, mutu ndi zidendene zokha zikukhudza mphasa. Maso ake anali otsegula, akuona zonse. Apo Cathrine sanapemphenso chilolezo. Anathamanga wopanda nsapato mpaka pakhomo pa Edwell.

Edwell sanafunse zambiri. Anamanga ng'ombe zake pangolo n'kubwera pamodzi ndi mkazi wake. Gambuti inakana kuvuka, moti Susan anachita kuidula ndi mpeni. Anayang'ana mabowo atatu aja, nayang'ana Cathrine, ndipo za thabwa sanatchule. Anangofunsa kuti papita masiku angati. Atamva kuti teni, anagwira pakamwa.

"Mayi, mukanabwera tsiku lomwelo, inali nkhani ya sopo ndi jekeseni. Basi."

Edwell anagwada pambali pa mphasa, nagwira dzanja louma la munthu amene anamunyazitsa uja.

"Aneba, ndani muno m'chigwa amene njovu sinamupsetsepo mtima? Tikanakusekani tsiku limodzi, mawa lake tikanabwera kudzakuthandizani kulondera."

Ruben anamva. Misozi inatsikira m'makutu mwake, koma nsagwada zinali zitalumana, ndipo chimene ankafuna kuyankha sichinatuluke.

Kukiliniki anamupatsa zimene akanatha, naitanitsa galimoto yomutengera kuchipatala chachikulu. Kumeneko anamugoneka m'chipinda chamdima chopanda phokoso, poti ngakhale kutsekeka kwa chitseko kunkamuyambitsa kukungika. Madokotala analimbana nawo matendawo masiku atatu. Cathrine anakhala pambali pake nthawi yonseyo, akumunyowetsa milomo ndi kansalu, akudikira mawu amodzi okha. Ruben anamwalira osanena kanthu, ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, nasiya ana anayi.

Pamaliro panalibe amene anaseka. Amene ankaopedwa kuti adzanyoza ndi omwe anakumba manda, ndi omwe anasenza bokosi. Cathrine analira mpaka mawu anatha, ndipo kulira kwake kunali kosakanizika ndi mkwiyo, chifukwa mwamuna wake sanaphedwe ndi chinthu chosachiritsika. Ruben anasankha kubisa phazi kuti asunge dzina, ndipo dzinalo tsopano lalembedwa pamtanda wathabwa. Akuluakulu sananame pamene anati mbewa yamanyazi inafera kuuna.