Mmisiri ndi Makobidi a Nyumba Zakale

Ku Zingwangwa kunkakhala mmisiri wina womanga nyumba. Anali katswiri ndithu, khoma lake silinkapendekeka. Akugwira ntchito ku Joni, bwana wake anampatsa kobidi lachikumbutso, lija mayiko amasula pofuna kulemekeza nyumba zawo zakale. Pakobidipo panali chithunzi cha tchalitchi chamiyala. Mtima wake unakodwa tsiku lomwelo.

Atabwerera kuno kwathu anapitiriza kusakasaka makobidi otere. Lina la nsanja ya wotchi, lina la mlatho, lina la nyumba yachifumu. Ankawasunga m'kabokosi ka mlombwa, lililonse m'kansalu kake. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankakhala pakhonde n'kumawapukuta, uku akusirira mmene amisiri akale ankasanjira miyala. "Awa ndiye anali amuna," ankatero.

Chaka china mu Novembala, mlongo wake Enelesi anabwera kuchokera kwawo ku Chiradzulu. Sanakhale n'komwe pampando.

"Achimwene, nyumba ya amayi yang'aluka. Khoma lakuchipinda dzanja likuchita kulowa. Mubwere mvula isanayambe."

"Ndibwera Loweruka, usadandaule," anatero mmisiriyo.

Loweruka analawiradi. Anaika levulo yoyezera khoma ndi mpeni womangira m'thumba, ndalama ya simenti m'thumba la malaya. Atatsika ku Limbe kuti akwere minibasi yakwawo, foni inalira. Anali wamalonda wina wa zinthu zakale. Kobidi lomwe mmisiriyo anakhala akulifuna zaka zisanu ndi chimodzi linali litapezeka, koma panalinso wina amene ankalifuna.

Anaima pakati pa msewu. Kondakitala ankakuwa kuti kwatsala munthu mmodzi. Sitolo ya wamalondayo inali apo pompo. Mumtima anati, khoma lakhala zaka makumi atatu, silingagwe sabata ino. Minibasi inanyamuka iye kulibe. Ndalama ya simenti inathera pa kobidi, ndipo anabwerera kunyumba akumwetulira yekha.

Lachitatu masana kunagwa mvula yoyamba, yamkuntho. Mayi aja anathawira kuchipinda kwawo, poganiza kuti ndiye kobisala. Khoma linawagwera. Anthu anafukula zidina ndi manja, koma anawapeza atazizira kale.

Pamaliro palibe anamunena. Akulu ampingo ankangomugwira dzanja n'kumadutsa. Akanamutukwana, mwina zikanapepukako.

Patatha chaka, abale anagwirizana zomanga chiliza. Mmisiri uja anakana kuti wina agwireko. Anagula simenti yabwino, njerwa zootcha anasankha yekha imodziimodzi. Anamanga masiku atatu dzuwa likuswa mtengo. Levulo ankaiika paliponse. Atamaliza, anthu anagwira pakamwa, chifukwa kumanda konseko kunalibe chiliza chokongola chotero.

Enelesi anachizungulira, nachigogoda ndi chala. Kenako anamuyang'ana mchimwene wake m'maso.

"Nyumba iyi ndiye mwawamangira yolimba, achimwene. Mvula siilowa."

Bamboyo anakhala pansi pa dothi.

Abale anga, kusirira ntchito za akale si tchimo, ndipo kusunga zokongola si tchimo. Tchimo la munthuyu n'lakuti Mulungu anampatsa luso m'manja, nampatsanso mayi woti amutumikire ndi lusolo, iye n'kunena kuti mawa. Ambiri a ife timachita zomwezo. Tili ndi kanthu kathu kamene timakapukuta tsiku ndi tsiku, pamene munthu wamoyo akutidikira. Akapita, ndiye timagula bokosi lodula, timasoketsa yunifolomu, timaimba mpaka mawu kusasa. Zonsezo wakufa sazimva. Chikondi chimene Mulungu amafuna ndi chofika nthawi yake, munthu akadali ndi mpweya. Pali wina amene munamulonjeza Loweruka. Mukumudziwa. Mukatuluka muno, pitani.