Gitala ya Miyezi Isanu ndi Muswala wa Che Imedi

Imedi Kassimu anafika kwa Shehe Twaibu Mkwanda Loweruka masana, anthu atangobalalika kuchokera ku swala ya Zuhuri, pemphero la Asilamu la masana. Kudzanja lamanja ananyamula bokosi lalitali la gitala, kumanzere jumbo yakuda yomanga kukamwa. Shehe ankakhala m'kachipinda koyandikana ndi mzikiti waung'ono wa Amalawi ku Durban, pamwamba pa shopu yomata matayala. Anali munthu wophunzira kwambiri, koma mlendo akanawayesa telala wamba, poti ndiyo ntchito imene ankadyera: kusoka mikanjo ndi kufupikitsa mathalauza.

Imedi anali wa ku Katuli, ndipo anali atatha zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi osaponda kwawo. Tsiku limene ankanyamuka, bambo ake, amene anali muazini wa mzikiti wa m'mudzimo, woitana azana yoitanira anthu ku swala, anamupatsa muswala watsopano, kakapeti kobiriwira koswalirapo. Muswalawo unalowa pansi pa sutikesi ndipo sunatulukenso. Chaka ndi chaka mdalayo ankafunsa pa foni ngati watha kuti atumize wina, Imedi n'kumayankha kuti ukadalimbabe. Tsopano mlongo wake anali ataimba kuti bambo afooka, akufuna kumuona, ndipo akuti abwere ndi muswala uja kuti auone ndi maso awo. Ndiwo unali m'jumbomo. Imedi anali ataugwirira ntchito masiku anayi, ndipo ankafuna kudziwa ngati ungapusitse diso la munthu woswali.

Anapereka salamu, Shehe anayankha n'kuchotsa nsalu pa mpando kuti mlendo akhale.

"Che Imedi, mwandidzidzimutsa," anatero Shehe. "Inu timakuonani pa Idi pokha. Ndimati kapena mwezi waoneka osandiuza."

Imedi anaseka, nanena kuti ntchito ndiyo yachuluka. Za muswala sanayambe nazo. Anatsekula bokosi lija, natulutsa gitala yamagetsi, n'kuigoneka pa tebulo lodulirapo nsalu. Inali yofiira, koma kufiira kotuwa ngati kwa chitenje chochapidwa kambirimbiri. Penti inali yong'alukang'aluka, m'mbali munali mabala, zitsulo zinali ndi dzimbiri.

"A Shehe, inu mwaona zambiri. Tandiuzani, gitala iyi ili ndi zaka zingati?"

Shehe anavala magalasi. Anati iwo za magitala sazidziwa, koma poti afunsidwa ayesa. Anaitembenuza mosamala, nayendetsa chala pa khosi lake, kenako anati mwina zaka makumi anayi, ndipo mwini wake ayenera kuti anaimba nayo m'malo ambiri.

"Miyezi isanu," anatero Imedi. "Mu Janyuwale inali thabwa."

Imedi ankayembekeza kuti adzudzulidwa pa nkhani ya nyimbo, ndipo mayankho anali atakonzeratu. Koma Shehe anangofunsa kuti zimatheka bwanji, ndipo anafunsa ngati munthu wofunadi kudziwa. Apa Imedi anamasuka, chifukwa pa ntchito imeneyi sankaopa munthu.

Anafotokoza kuti kumene amagwira ntchito amapanga magitala atsopano, koma ogula ena safuna chinthu chonyezimira. Amafuna yooneka ngati yavutika. Ndiye ikatha kupangidwa amaipereka kwa iye kuti aikalambitse. Amayamba ndi vanishi wopyapyala, wa mtundu wosachedwa kusweka. Akauma amailowetsa m'furiji yaikulu yosungira nyama, kenako n'kuitulutsira padzuwa. Vanishiyo amang'aluka tizidutswa ngati dothi la kudambo kwathu mu Okutobala. M'ming'alumo amapakamo polishi wa nsapato wofiirira n'kupukuta, kuti litsiro lioneke ngati linalowa kalekale. Zitsulo amazipachika m'chitini chotseka, pansi pake atathira viniga ndi mchere. Mapulasitiki oyera amawaviika m'khofi wowawa mpaka asanduke achikasu. Timabala tating'ono amatipanga ndi mpukutu wa makiyi.

"Koma zimenezo aliyense angachite," anatero Imedi. "Anyamata a pa intaneti amatero, ndipo ntchito yawo mungaizindikire muli tsidya la msewu. Amakhula paliponse mofanana, kumanja ngati kumanzere. Ukalamba suyenda choncho."

Analoza pamwamba, pamene mkono wa woimba umatsamira. Penti inatha pang'onopang'ono: poyamba kufiira kuzilala, kenako penti yoyera yapansi, kenako thabwa, ndipo thabwalo linali lakuda ngati lamwa thukuta. Anaonetsa masikuluu: oyandikira dzanja anali ndi dzimbiri lambiri, akutali anali owalabe. Anamasula kachivundikiro kamodzi, ndipo pansi pake penti inali yatsopano, poti pamenepo dzuwa silifika. Kukhosi kunali kosalala ndi kwakuda malo atatu okha, pamene zala zimakonda kukhala. Potsiriza anaitembenuza kumsana, kumene chitsulo cha lamba chimakanda mimba ya gitala.

"Kumeneku owonerera sakuona," anatero. "Nchifukwa chake osadziwa amakuiwala. Koma wodziwa amayamba kuyang'ana kumeneku."

Shehe anafunsa kuti malo enieniwo amawadziwa bwanji. Imedi anati chimenecho ndiye chinsinsi chake, koma kwa Shehe angachinene. Asanagwire sandipepa, amadzipaka choko chabuluu m'mikono, m'zala ndi pa lamba, n'kuikoleka gitalayo, n'kuiimba masiku atatu. Ngati wogula ali pafupi, amamuitana kuti aimbe yekha, popeza munthu wamtali ndi wamfupi sagwira malo amodzi. Pamene choko chatsalira ndi pamene amakhula. Kwina konse sakhudzako.

Shehe anafunsanso ngati wogulayo akudziwa kuti ndi yatsopano. Imedi anati akudziwa bwino: ndi dokotala wa mano amene anayamba kuphunzira gitala chaka chatha, ndipo ndiye anasankha yekha kuti ioneke ya zaka makumi anayi.

"Ndiye palibe wanamizidwa," anatero Shehe, "kupatula mwina anzake obwera kudzacheza. Ndi luso, Che Imedi. Ine mwandipusitsa."

Imedi anabweza gitala m'bokosi. Anamasula jumbo ija, nayala muswala pansi pakati pa iye ndi Shehe.

Unkaoneka wakale ndithu. Kubiriwira kunali kutazilala, ulusi wa m'mphepete unali utayoyoka. Kumutu kunali malo ozungulira opyapyala, pansi pake malo awiri a manja, ena awiri a mawondo, ndi awiri a mapazi. Unkanunkhira fumbi ndi mafuta onunkhira akale.

"Nanga uwu, a Shehe, waswaliridwa zaka zingati?"

Shehe anavula nsapato, natsika pa mpando, n'kugwada pambali pa muswalawo. Anauyang'ana nthawi yaitali osaugwira. Kenako anafunsa kuti ndi wa yani. Imedi anati ndi wake.

"Ndikupempheni kanthu," anatero Shehe. "Tagwadani pamenepo. Ikani mawondo pa malo a mawondo, mugunde mphumi pansi monga tichitira."

Imedi anazengereza, koma njira yokanira panalibe. Anavula nsapato, naika mawondo pa malo awiri aja. Thalauza linamuthina, bondo lamanzere linalira. Anawerama mpaka mphumi inagunda muswala. Shehe anaika chala pafupi ndi mutu wake n'kumuuza kuti adzuke. Chalacho chinali pa malo obiriwira bwino, osakhudzidwa. Malo ozungulira opyapyala aja anali patsogolo, motalikira chikhatho chathunthu.

"Mwini muswala uwu ndi wamtali," anatero Shehe. "Inu ndi ine ndife aafupi, tinatengera amayi athu."

Sananene mwachipongwe. Anapitiriza modekha, ngati telala woonetsa mnzake pamene msoko wakhota. Anati pansi pa malo a mphumi pamakhala kamalo kena kakang'ono ka mphuno. Anati mapazi satha mofanana, chifukwa munthu akakhala pansi pa swala amakhalira phazi lamanzere, lamanja n'kuima pa zala, ndiye kumanja ndiko kumakumbika. Kenako anafunsa ngati apa anagwiritsanso choko.

Imedi anati ayi. Muyezo anautenga pa chithunzi cha muswala wakale chimene anachipeza pa foni.

"Chifukwa chiyani? Poti njira mukuidziwa."

Pansi, m'shopu muja, munthu ankamenya tayala ndi nyundo. Imedi ananena zonse, maso ali pa muswala: za tsiku lonyamuka, za sutikesi, za mafoni a bambo ake, za uthenga wa mlongo wake. Anati anayesa kudzipaka choko tsiku loyamba, koma ataima kumapeto kwa muswalawo anapeza kuti sakukumbukira bwino chimene chimatsatira chinzake, ndipo kunamizira kuswali kunamuopsa kuposa kukhula ndi sandipepa. Anati sikuti analeka kukhulupirira. Chaka choyamba ankagwira ntchito pa malo osalola kupuma, chachiwiri ankati ayamba mwezi wa Ramadani, ndipo zaka zinazo sakudziwa kumene zinapita.

"Bambo anga aitana azana zaka makumi atatu," anatero. "Sindikufuna kuti chomaliza kuona kwa ine chikhale ichi. A Shehe, sindinabwere kudzakangana. Ndigula wina wofanana nawo. Inu mungondilembera ndi choko chanu cha utelala malo oyenera, pa msinkhu wanga. Zinazo ndikudziwa. Si chifundo chimenecho, kwa munthu wodwala?"

Shehe anabwerera pa mpando. Anapinda magalasi n'kuwaika m'thumba.

Anati funsolo ndi labwino, ndipo amene walifunsa amawakonda bambo ake. Anatinso iwo si munthu woti angadzikweze pa nkhaniyi. Mkazi wawo atamwalira kuno, n'kuikidwa m'dothi lachilendo, iwo anatha miyezi itatu akuimirira kutsogolo kwa anthu pakamwa pakunena mawu, mtima uli kwina. Koma choko chawo anati sachipereka.

"Dokotala wanu uja anaitanitsa yekha zaka zimene sanaimbe," anatero. "Bambo anu sanaitanitse. Ndiponso mukuganiza kuti akufuna kuona ulusi? Mukudziwa mmene timachitira kwathu. Mwana akabwera kuchokera kutali, nthawi ya swala ikakwana amamuuza kuti pita kutsogolo utitsogolere. Bambo anu adzakhala pa mphasa kumbuyo kwanu, poti kuima sangathe, ndipo adzaona mmene mukupindira mwendo. Mwendowo muulowetsa m'furiji iti?"

Imedi anati ndiye kuli bwino anene kuti muswala unatayika. Shehe anati limenelo ndi bodza lomwelo, langovula malaya. Imedi anati ndiye asapite n'komwe, koma mwini yemweyo anamva kuti mawuwo analibe nzeru.

"Nanga nditani? Ndauwononga kale. Zaka zija sindingazibweze."

"Basi yanu inyamuka liti?"

"Lolemba, osati la mkucha, koma linalo. Kwatsala masiku asanu ndi anayi."

Shehe anawerenga pa zala, monga amawerengera mainchesi. Kenako anayang'ana wotchi ya pakhoma, imene inkaonetsa kuti swala ya Asiri yayandikira, nanena kuti mpopi wa udhu, wosambirapo munthu asanaswali, uli pa khonde, ndipo zimene Imedi waiwala amukumbutsa iwo, pang'onopang'ono, popanda wina womva.

"Wina musagule, Che Imedi. Mupite nawo womwewu. Masiku asanu ndi anayi ndi swala makumi anayi ndi zisanu, kuyambira ino ikubwerayi. Sizidzasiya chizindikiro chilichonse pa ulusi. Mukafika, mukauyale pamaso pa bambo anu. Mukaloze pamene pali popyapyala, munene kuti apa ndi sandipepa. Kenako mukaloze pobiriwira paja, pamene sipakuoneka kanthu, munene kuti apa ndi ine, ndipo n'zokwana makumi anayi ndi zisanu. Adzati n'zochepa, ndipo adzakhala akunena zoona. Koma zimenezo angathe kukuwonjezerani, akuswali nanu, asanatsinzine."