Nthayo Ilibe Manda

Kalekale, komatu osati kale la makolo, kale lake ndi chaka chija boma linatumiza oyeza malo m'midzi, ine ndinkakhala pa lendi m'nyumba zamdadada kuseri kwa msika. Khoma la pakati pa ife ndi aneba silinkafika kudenga. Munthu akayetsemula uko, kuno umati pepani.

Tsiku lina masana ndikuyamwitsa mwana, ndinamva aneba anga, a Bizaliele akalipentala, akukangana ndi akazi awo a Esinala.

"Mawa ndiye tsiku lomaliza lodandaula, mayi a Madalo. Mukangonena mawu atatu basi: palibe manda pamenepo. Ndi bodza kodi?"

"Si bodza."

"Nanga chakumangani miyendo n'chiyani?"

"Si bodza, koma akundikanirira pakhosi."

Ndiyambire poyambira kuti mumve bwino.

A Bizaliele anali ndi mlongo wawo mmodzi, a Tiyesenji. Mayi awo pomwalira anawasiyira munda wa m'mbali mwa mtsinje, awiriwo n'kugawana. Chigawo cha a Bizaliele chinali chodikha madzi, pouma pokha pamtunda, pafupi ndi chulu. Pamenepo ndi pamene anakumba maziko a nyumba. Zaka ziwiri akuumba njerwa, kuti achoke m'kachipinda kamodzi kamene ankagonamo anthu asanu.

Oyeza malo aja anabwera ndi kamakina kam'manja. Sankangoyeza malire ayi, ankalembanso zoletsedwa: apa m'mphepete mwa mtsinje, osalima, apa padzadutsa msewu, osamanga, apa manda, osakhudza. Malo oterewa ankawazunguliza ndi mzere wofiira pa mapu, mapuwo n'kukasungidwa ku likulu. Chikalowa m'menemo, ngakhale mdzukulu wako adzachipeza chilipo.

Atafika pachulu paja, mayi woyeza anafunsa kuti, "Pamalo pano pali manda?"

Woyamba kuyankha anali a Bizaliele. Anati ayi. Zoona, panalibe amene anawauzapo kanthu. Koma tsiku lokumba maziko khasu lawo linafukula phale lovundikira ndi kansalu kowola. Anaima, anayang'ana uku ndi uku, anakwirira ndi phazi, n'kusuntha chingwe cha maziko pang'ono. Sanafunse munthu, paja wofunsa amauzidwa.

Wachiwiri anali a Esinala. Iwo ankadziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo alamu awo a Tiyesenji, asanakwatiwe, anabereka mwana wakufa kale. Kwathu timati nthayo. Nthayo sailira, saikhomera bokosi, sapita nayo kumanda. Amayi okhaokha amakaiika mwakachetechete, abambo sauzidwa pamene yagona. Tsiku limenelo apongozi awo ananyamula kamtolo, a Esinala ananyamula khasu. Ndiye ataona amuna awo akukhoma zikhomo pachulu pomwepo, anatsekula pakamwa n'kutsekanso. Mwambo unawaletsa, inde. Komanso nyumbayo ankaifuna. Woyeza atawatembenukira kuti, "Nanga inu mayi?" iwo anati, "Manda athu ali kutsidya." Sananame.

Wachitatu anali a Tiyesenji. Iwo anakwatiwa kutali, za maziko sankazidziwa. Anabwera tsiku limene mapu anamatidwa pakhoma la sukulu kuti aliyense aone malo ake. Anthu anadzaza. A Tiyesenji anayendetsa chala mpaka pachulu, n'kupeza pajambulidwa kabokosi ka nyumba. Pamaso pa abambo onse, amuna awo ali pambali pawo, amene sankadziwa n'komwe kuti kunali mwana wina asanabwere iwo, anati:

"Apa pagona mwana wanga."

Woyeza anayang'ana pepala lake. "Mayi, pano pali polemba manda basi. Ndilembe manda?"

Amayi akuluakulu anawerama. Wina ananong'ona kuti, "Nthayo ilibe manda, mwana iwe. Khala chete."

"Ndinamusenza miyezi isanu ndi inayi. Lembani manda."

Mzere wofiira unazungulira chulu n'kumeza maziko onse. Kumunsi kunali kale kofiira chifukwa cha mtsinje. A Bizaliele anatsala ndi kamalo kongokwana kuyalapo mphasa ziwiri. Amuna a Tiyesenji anakwera njinga okha, osatsanzika, ndipo sanabwerenso kudzatenga akazi awo.

Oyezawo anapereka masiku odandaula. Anati pakapezeka mboni imene inalipo poika, n'kunena kuti pamenepo si manda, mzere ufufutidwa. Apongozi anali atamwalira. Mboni inatsala imodzi: a Esinala. Ndiye mkangano ndinaumva uja.

"Inu munkadziwa," anatero a Bizaliele kuseri kwa khoma, "n'kumandiphikira phala m'mawa kuti ndikakumbe bwino pamutu pa mwana wa mlongo wanga. Mwandisandutsa mtsibweni wanji?"

"Nanga phale lija, bambo a Madalo? Mukuyesa sindinakuoneni? Ndinali kuseri kwa uvuni wa njerwa."

A Bizaliele anati:

"Ndinkayesa ndi zakalekale."

"Zakalekale zimene munasunthira chingwe?"

Ine ndemwe nkhope inanditentha, ngati ndasuzumira munthu akusamba. Ndinafuna kutsokomola kuti adziwe kuti ndilimo, koma mwana anali atagona pabere.

"Kumsika sindikudutsako," anatero a Bizaliele, mawu atatsika. "Dzulo wina wabwera kudzaitanitsa chitseko, akuti, amisiri, inu nyumba mumamanga za amoyo kapena za akufa? Ena onse phwete kuseka."

"Kumjigo akuti ine ndinasinthanitsa mwana ndi malata. Alamu nawo akuti anavula amayi onse pagulu, palibe akuwabwereka ngakhale sefa. Ndani akuyenda nkhope ili m'mwamba?"

"Ndiye ana athu akulire m'khola muno? Madalo wasinkhuka, mayi. Mwana wamkazi akugonabe kumiyendo kwa bambo ake. Amenewo si manyazi?"

"Ndi manyazi."

"Uja sanapumeko ngakhale kamodzi. Awa akupuma."

"Ndikudziwa. Koma ndinamukwirira ndi manja awa. Kankhope kake kanali ka mayi anu."

Kenako a Bizaliele anafunsa motsitsa:

"Mupita mawa?"

"Sambani m'manja, futali akuzizira."

Ndinamva madzi akukhuthulidwa m'beseni, kampando kakukokedwa, kenako masipuni awiri akugogoda m'mbale imodzi.

Tsono inu mwaimva nkhaniyi. Wina anaona phale n'kukwirira osafunsa. Wina anadziwa zonse n'kubisala kuseri kwa liwu lakuti manda. Wina anaimirira mwana wake wakufa, koma anaulula za amayi pamaso pa abambo, anapasula banja lake, n'kusiya ana a mchimwene wake opanda denga. Mwa atatuwa, manyazi aakulu ndi a yani? Ndipo mukanakhala inu a Esinala, kutacha mukanamanga chitenje kupita kukanena mawu atatu aja, kapena mukanakhala pakhomo?