Nkhope ya Namasiye

Kalekale, komatu si kale la makolo athu ayi, ndi kale la dzanadzanali pamene mafoni anali atafika kale m'midzi, kuchigwa cha Shire kunali mayi Nangondo. Mayiwa anagwira ntchito yolondera nyama m'nkhalango kuyambira ali mtsikana mpaka imvi mbuu. Atapuma pantchito anamanga nyumba yogona alendo pafupi ndi chipata cha nkhalangoyo, ndipo nyumbayo ndiyo inali chuma chawo chokha.

Anali ndi ana aakazi atatu: Ndaziona, Mwandida ndi Sekanawo. Anawa anayamwa bere limodzi, koma nsanje yawo inali ya akazi a pamitala. Mmodzi akagula chitenje chatsopano, enawo chakudya sichinkawalowa.

Tsono maso a mayi Nangondo anayamba kuchita chifunga. Zapafupi ankaonabe, zapatali ayi, ndipo kuchipatala anawauza mosabisa kuti pofika dzinja sadzaonanso chilichonse. Iwo mtima wawo unali pa chinthu chimodzi. M'nkhalangomo munali chipembere chachikazi chimene anachilera ndi mkaka wa m'botolo, make ataphedwa ndi anthu osaka nyanga. Anachitcha Namasiye. Chitakula anachibwezera kutchire, ndipo chinasanduka chamantha zedi: chikamva kaphokoso chinkathawa, munthu akachiyandikira chinkamuthamangitsa.

Anaitana ana awo n'kunena kuti, "Ndisanalowe mumdima ndikufuna ndionenso nkhope ya Namasiye. Amene andibweretsere chithunzi choti ndione diso lake ndi khutu lake long'ambika lija, nyumbayi ndi yake."

Mayi wanzeru chotere, kuyankhula mawu otere pamaso pa ana otere! Kunali kuthira palafini pamoto.

Ndaziona, woyamba kubadwa, anagulitsa galimoto yake n'kulunjika kusitolo ya makamera ku Blantyre. Wogulitsa anamuikira awiri patebulo. "Iyi ndi yachikale, mayi. M'kati muli kagalasi kamene kamadzuka ndi kugwa mukamajambula, n'chifukwa chake imalira kuti khatcha. Iyi ndi yamakono, kagalasiko mulibe. Ndi yopepuka, imajambula mwakachetechete, ndipo diso la nyama imalisaka yokha." Ndaziona anakumbukira mantha a Namasiye n'kusankha yachete ija, ndipo anasankha bwino. Koma wogulitsayo atayamba kunena za lenzi, galasi lakutsogolo lija lokoka zinthu zakutali, iye anali atayamba kale kuganiza za penti imene adzapake nyumba ya amake. Anatenga kalenzi kakafupi kamene kanabwera ndi kamerayo. Alonda a nkhalango anamuimitsa patali monga mwa lamulo, iye n'kujambula, ndipo Namasiye sanamve kanthu. Koma pachithunzipo chipembere chonse chija chinaoneka ngati nkhupakupa pamsana pa ng'ombe.

"Ichi ndi chipembere kapena chulu, mwanangu?" anafunsa amake. Mwandida anaseka mpaka misozi.

Mwandida, wachiwiri, anati, "Achemwali agula mutu n'kuiwala maso." Mwamuna wake anali ndi kamera yachikale yolira ija, choncho iye anagulitsa puloti yake ku Lilongwe kuti agule lenzi yokha. Kusitolo anamuonetsa ina yopepuka yofika pafupi, ina yolemera yofika patali. Iye anasankha yaitali ngati munsi, yokhala ndi kachipangizo koletsa chithunzi kugwedezeka manja akamanjenjemera, ndipo nayenso anasankha bwino. Atasuzumiramo kudziwe lomwerapo nyama, ankatha kuwerenga ntchentche pamphuno ya njati. Koma phuma! Namasiye atangotulutsa nyanga pachitsamba, Mwandida anadina. Khatcha! Chipembere chinatembenuka n'kuliyatsa liwiro. Chithunzi choyamba chinali nyanga ndi masamba, chachiwiri matako ndi fumbi.

"Matakowa ndawazindikira, koma ine ndinati nkhope," anatero amake. Tsiku limenelo Ndaziona anadya mpaka kupempha zina.

Sekanawo, chitsirizira, ndiye ankakhala pakhomo, kuyalira alendo ndi kuwaphikira. Musamuyese woyera mtima ayi. Nsanje yake inali yosayankhula, ndipo ankapsa mtima akaganiza kuti anthu obwera pa Khirisimasi pokha angatenge nyumba imene iye ankaisesa tsiku ndi tsiku. Poyamba anayesa chilungamo. Anauza achemwali ake kuti, "Bwanji kamera yacheteyi ndi lenzi yaitaliyi tiziphatikize?"

"Kamera yanga ilumikizidwe ndi chitoliro cha Mwandida? Bola ndikaiponye mu Shire!" anatero Ndaziona.

"Achemwali akajambule chulu chawo chomwecho," anayankha Mwandida.

Ndiponso zinthu ziwirizo sizinkalowana, pakuti pakamwa pa kamera yamakono ndi tsinde la lenzi ija zinali zosiyana. Mlendo wina wojambula mbalame ndiye anauza Sekanawo kuti pali kamphete kachitsulo kolumikizira. Sekanawo anagulitsa makina ake osokera n'kuitanitsa kamphete kaja, osauza munthu. Kenaka anapita kwa Ndaziona ndi nkhope yachisoni. "Achemwali, a Mwandida agonja. Akuti lenzi ija mutenge inu. Bweretsani kamera, ine ndikangokudinirani, inu mungapse ndi dzuwa." Kwa Mwandida anakanena zomwezo, kungotembenuza maina. Aliyense anapereka chake akumwetulira, poganiza kuti mnzake wagwada.

Ndiye Sekanawo anayamba kulawirira kudziwe kuja, kukagona chafufumimba m'kachisakasa ka alonda. Dzuwa la kuchigwa linamuwamba, akashembe anamuluma mpaka miyendo kutupa, koma sankadzikanda n'komwe poopa phokoso. Namasiye anabwera kangapo, iye osadina, kudikira kuti atukule mutu. M'mawa wina chipembere chinamwa madzi, chinatukula mutu n'kuyang'ana kumene kunali iye. Kamera inagwira diso, lenzi inakoka nkhope, chala cha Sekanawo chinadina. Panalibe ngakhale kaphokoso. Anabwerera kunyumba malungo atamugwira kale, akunjenjemera.

Chithunzicho anachitsukitsa chachikulu ngati chitseko. Mayi Nangondo anachiyandikira mpaka mphuno kugunda pepala. Anaona diso, anaona makwinya, anasisita khutu long'ambika lija ndi chala, misozi ili chuchuchu. "Wakalamba mwana wanga," anatero.

Atsikana atatu aja anayang'anana. Mawu akuti mwana wanga onenedwa mokoma chotero sanawamvepo chikulireni, ndipo kwa kanthawi onse anachitira nsanje chipembere. Kenaka anatembenukirana okhaokha.

"Popanda kamera yanga yachete, chikanathawa ngati mmene chinathawira kwa Mwandida," anatero Ndaziona. "Ine lero ndikuyenda wapansi chifukwa cha chithunzi chimenechi."

"Popanda lenzi yanga, amayi akanaonanso nkhupakupa," anatero Mwandida. "Ine ndilibe pomanga nyumba. Ndipo iwe Sekanawo, unatinamiza. Wakuba alandire mphotho?"

Sekanawo anatukula mutu pamkeka pamene anagona. "Ndinakupemphani mwaulemu, munakana. Zitsulo zanuzo zikanachita dzimbiri m'masutikesi amayi akulowa mumdima. Tayang'anani miyendo yangayi."

Anakangana mpaka alendo kuyamba kusamuka m'zipinda. Ndaziona anatsekera kamera yake m'kabati, Mwandida anakulunga lenzi m'bulangete n'kumagona nayo, Sekanawo anamangirira kamphete kaja pamkanda wa m'chiuno. Sipanajambulidwenso chithunzi china.

Mvula yoyamba itagwa, maso a mayi Nangondo anazima monga ananenera achipatala. Anakhala pakhonde, makiyi a nyumba ali m'manja. Nkhope za ana awo sankazionanso, ankangomva mawu atatu, aliyense akuti "Amayi, ine." Kugawa nyumbayo patatu anayesa kutchula, koma onse anakana, pakuti aliyense ankati bola kuluza yonse kusiyana n'kuona m'bale wake akutsekula chitseko chomwecho. Mayiwo anatambasula dzanja la makiyi lija, ndipo manja atatu anatambasukanso kudikira.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musandiyang'ane ine, ine ndilibe mbali. Wina anabweretsa kamera yosalira, wina lenzi yofika patali, wina anaziphatikiza n'kupirira dzuwa, koma anazipeza ndi bodza. Mukanakhala mayi Nangondo, makiyiwo mukanawagwetsera m'dzanja la ndani?